Tatumiza uthenga kwa atolankhani 60, koma kuli zii

Funso: Zikomo alangizi. Ndife gulu la amayi 14 ku Mchinji. Timagaya chiponde n'kumaika m'mabotolo a magalamu 250 ndi 500. Mwezi watha talandira chiphaso cha Malawi Bureau of Standards (MBS), ndipo tikufuna anthu amve, makamaka eni mashopu a ku Lilongwe. Mwana wa mchemwali wanga adatipezera maimelo 60 a atolankhani pa intaneti, ife n'kutumiza uthenga umodzi kwa onsewo. Patha masabata atatu, kuli zii. Mmodzi yekha ndiye adaimba, naye kufunsa ngati pali ya mayendedwe. Atolankhani oyenera timawapeza bwanji? Mayi wa ku Mchinji

Yankho: Mayi, chiphasocho tikukuyamikirani, chifukwa magulu ambiri a chiponde amagwera pomwepo. Koma pa nkhani ya atolankhaniyi mwayambira kumchira. Mwayamba ndi kufunafuna maimelo, pamene funso loyamba likadakhala lakuti mukufuna amve ndani.

Tiyeni tione maimelo 60 aja. Mndandanda wotola pa intaneti umakhala wosakanikirana ngati nsomba za m'khoka. Ena ndi maimelo a kampani yonse, aja oyamba ndi info, amene amalandira makalata ofunsira ntchito ndi a ngongole, ndipo amawatsegula ndi wa pa ofesi yolandirira alendo. Ena ndi a anthu amene adasiya utolankhani kalekale. Ena ndi a atolankhani enieni, koma olemba za mpira kapena za kukhoti. Munthu amene tsiku lonse ali pa Bingu National Stadium, chiponde chanu achite nacho chiyani? Mwina anthu asanu okha mwa 60 aja ndi amene akadailabadira nkhani yanu, ndipo iwonso ataona kuti mwatumiza kwa chigulu adadziwa kuti si yawo okha.

Ndiye tengani pepala mulembe anthu amene mukufuna amve. Pa zimene mwafotokoza ndikuona magulu atatu. Pali eni mashopu ndi ogulira katundu masitolo akuluakulu a ku Lilongwe. Pali ogula botolo limodzilimodzi pa Kamwendo, pa Mkanda, pa Kapiri ndi pa boma. Pali alimi amene mumagulako mtedza. Anthu awa samvera kumodzi. Wogulira katundu sitolo yaikulu amawerenga masamba a zamalonda a The Nation ndi The Daily Times, kapena amawaona pa foni. Mayi wa pa Mkanda amamvera wailesi ya Mudziwathu, Zodiak kapena MBC Radio 1 akuphika. Gulu lililonse lili ndi khomo lake, ndipo mndandanda wanu ukhale wa makomo amenewo basi.

Mayina amapezeka powerenga ndi pomvera. Njira yachidule palibe. Kwa masabata atatu, gulani kapena bwerekani nyuzipepala. Ngati ndalama yavuta, pitani ku laibulale kapena ku ofesi ina ya boma kumene zimafika. Tsegulani masamba a zamalonda ndi a zaulimi. Nkhani iliyonse imakhala ndi dzina la woilemba pansi pa mutu. Mukapeza nkhani ya mabizinesi ang'onoang'ono, ya makopaletivu, ya mtedza kapena soya, ya katundu wopangidwa konkuno, lembani dzinalo, tsiku, ndi mutu wa nkhaniyo. Dzina likabwera katatu pa nkhani za mtundu umenewu, ameneyo ndi munthu wanu. Dzina lobwera kamodzi mwina adangotumidwa tsikulo mnzake atadwala.

Musaiwale masamba a Chichewa, amene anthu ambiri a bizinesi amawanyoza koma ndi amene amafika kwa ogula anu: Tamvani mu Weekend Nation, Msangulutso mu Nation on Sunday, Tikambe mu Malawi News. Masamba amenewa amakonda nkhani za anthu wamba amene achita chooneka, ndipo opikisana nanu pofuna malo ndi ochepa kusiyana ndi pa tsamba la zamalonda la Chingerezi, pamene mabanki ndi makampani a foni amadzazapo tsiku ndi tsiku.

Pa wailesi pali kamsampha. Amene mumamva mawu ake si nthawi zonse amene amasankha alendo. Pulogalamu zambiri zimakhala ndi wozikonza, ndipo dzina lake limatchulidwa kumapeto, mwachangu, nyimbo itayamba kale kulira. Tcherani khutu pamenepo. Mukaliphonya, imbani ku wailesiko mufunse kuti pulogalamu yakutiyakuti amakonza ndani. Funso lotere amayankha mosavuta kusiyana ndi lakuti “ndipatseni nambala ya mtolankhani”.

Khomo lina limene ambiri saliona lili pafupi nanu, pa boma pomwepo. Unduna wa zofalitsa nkhani uli ndi ofesi m'maboma, ndipo kumeneko kumakhala atolankhani a Malawi News Agency, imene timangoti MANA. Nkhani za MANA zimatengedwa ndi nyuzipepala, mawailesi ndi masamba a pa intaneti. Nkhani imodzi yolembedwa bwino pa Mchinji ikhoza kutuluka malo angapo inu osaimbira foni munthu wina aliyense. Nyumba zikuluzikulu nazo zimakhala ndi atolankhani okhala m'maboma. Mufunseni wa ku ofesi ya zofalitsa nkhaniyo kuti pa Mchinji pano amalembera Zodiak ndani, Times ndani, Nation ndani. Amadziwana onse, amakumana pa misonkhano ya kwa DC.

Aliponso magulu a atolankhani: Bwaila Media Club m'chigawo chapakati, Blantyre Press Club kum'mwera, Nyika Media Club kumpoto, ndi Association of Business Journalists ya olemba zamalonda. Musayembekeze kuti akupatseni manambala a mamembala awo. Chimene mungapemphe n'chakuti akuperekereni uthenga wanu, ndipo amene wachita nawo chidwi akuimbirani yekha.

Tsopano kalembedwe kake. Kope la masamba 96 likwanira, koma ngati mwana wa mchemwali wanu uja ali ndi kompyuta, achite pa Excel kapena Google Sheets kuti muzitha kusanja. Munthu aliyense akhale ndi mzere wake, ndipo mzerewo ukhale ndi dzina lolembedwa molondola, nyumba imene amagwirako, tsamba kapena pulogalamu yake, dera limene amakhala, chilankhulo chimene amalembera, nambala ndi imelo, njira imene iye amakonda kulandirira uthenga, nkhani yomaliza yokhudza ntchito ngati yanuyi imene adalemba ndi tsiku lake, tsiku limene mudalankhula naye, ndi chimene adayankha. Kenako danga limodzi lofunika kuposa onse, limene mungalitche “mbali yake”. Mmenemo mulembe chiganizo chimodzi chonena chifukwa chimene munthu ameneyu, osati wina, angafunire nkhani yanu. Mukalephera kudzaza danga limeneli, dzinalo lichotseni.

Danga limeneli tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Kuti mwalandira chiphaso, kwa inu ndi chikondwerero, koma kwa mkonzi si nkhani. Anthu amalandira ziphaso mwezi ndi mwezi. Nkhani ili m'zimene chiphasocho chikutanthauza, ndipo imasiyana malinga ndi munthu. Kwa wolemba zamalonda, mbali yake ndi yakuti gulu la amayi akumudzi tsopano likhoza kuika katundu pa shelefu imodzi ndi chiponde cha makampani akuluakulu ndi chochokera kunja, ndipo adzafuna kudziwa kuti mumagaya mabotolo angati pa sabata, botolo mumagulitsa zingati, chiphaso chidakutengerani miyezi ingati. Kwa wa zaulimi, mbali yake ndi chuku. Chuku ndi vuto lodziwika la mtedza wa kuno, ndipo ndi chimene chimagwetsa chiponde chambiri chikapita kokayezedwa. Ngati muli ndi njira yanu yosankhira mtedza, yowumitsira, ndi yokanira mtedza wothiridwa madzi pomenya, imeneyo ndi pulogalamu ya mphindi 30 pa wailesi. Kwa wa Tamvani kapena Tikambe, mbali yake ndi mayi mmodzi wa m'gulu lanu amene chiponde chamulipirira mwana fizi, bola mayiyo avomere kutchulidwa. Kwa wa Mudziwathu, ndi yakuti alimi a m'deralo ali ndi msika wina wa mtedza wawo. Chinthu chimodzi, nkhani zinayi, anthu anayi.

Mayina 20 kapena 25 akukwanirani. Mwa amenewo sankhani asanu oyamba, aja amene danga lawo la “mbali yake” ladzaza bwino kwambiri, ndipo muyambe ndi iwo okha. Aliyense alandire uthenga wakewake, womutchula dzina ndi wotchula nkhani yake ija. Mwachitsanzo: “Zikomo achimwene, ndidawerenga nkhani yanu ya pa 12 yonena za mitengo ya mtedza ku Kasungu. Ife ndi gulu la amayi 14 ku Mchinji, timagula mtedza kwa alimi n'kugaya chiponde, ndipo tangolandira chiphaso cha MBS. Ngati mungafune kuona mmene timachotsera mtedza wa chuku, timagaya Lachiwiri ndi Lachisanu.” Mizere inayi, nambala yanu pansi, ndi zithunzi ziwiri kapena zitatu. Zithunzizo pa WhatsApp muzitumize ngati document, chifukwa mukatumiza mwa nthawi zonse zimachepa mphamvu ndipo sizisindikizika bwino. Zikhale za amayi ali pa ntchito, manja ali mu mtedza, osati atandandalika pa mzere atagwira chikalata.

Nthawi yotumizira muilembenso pa mndandanda. Nyuzipepala za tsiku ndi tsiku zimagawana ntchito m'mawa, madzulo zimakhala pa liwiro lotseka masamba, choncho uthenga wa 4 koloko madzulo umangokwiririka. Tumizani isanakwane 9 m'mawa. Masamba otuluka Loweruka ndi Lamulungu amakonzedwa mkati mwa sabata, ndiye Lolemba kapena Lachiwiri ndi bwino. Tsiku limene nduna ya zachuma ikuwerenga bajeti, kapena kwacha yagwa, musatumize kanthu. Wolemba zamalonda aliyense ali kumeneko. Pakapita masiku awiri osamva kanthu, imbani kamodzi. Kamodzi. Akapanda kuyankhabe, lembani pa mzere wake n'kupita kwa asanu otsatira.

Ngati tsiku lina mudzafunikedi kutumiza uthenga umodzi kwa anthu ambiri, monga kuwaitanira ku mwambo, maimelo awo muwaike pa BCC kuti asaonane. Ndipo musapange gulu la WhatsApp n'kuwaponyamo anthu osawapempha. Amatulukamo, ndipo dzina lanu amalikumbukira moipa. Nambala imene munthu wakupatsani pa ntchito iyi si yogawira anzanu a bizinesi kapena kugulitsa. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection Act.

Uja adafunsa ya mayendedwe, ndi chimpondamthengo chimene aliyense amachidziwa ngakhale malamulo a ntchito ya utolankhani amakaniza kulandira ndalama kuti nkhani ituluke. Pali zinthu ziwiri zoti musiyanitse. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Mchinji ndi makilomita oposa 100, ndipo nyumba zambiri sizipereka galimoto pa nkhani ya bizinesi yaing'ono. Ngati mwamuitana munthu ulendo wotere, kumulipirira minibasi ndi chakudya n'komveka, ndipo munene poyera kuchuluka kwake asanakwere. Koma envelopu yogulira nkhani ndi ndalama yotayika: mtolankhani si amene amasankha zolowa m'nyuzipepala, amasankha ndi mkonzi, ndipo mukalipira nkhani osatuluka mulibe kokadandaula. N'chifukwa chake atolankhani okhala pa Mchinji pomwepo akhale pamwamba pa mndandanda wanu. Amabwera pa kabaza.

Ngati chimene mukufuna n'chakuti mtengo wa botolo ndi nambala yanu zimveke momwe mwazilembera, imeneyo si nkhani, ndi kutsatsa malonda, ndipo kuli ndi ofesi yake. Funsani pepala la mitengo ku wailesi, mulipire, mulandire lisiti. Anthu a ofesi imeneyo muwalembe pa tsamba lina la kope lanu, musawasakanize ndi atolankhani. Kutumiza malonda kwa mkonzi wa nkhani ndi njira yachangu yoti asiye kutsegula mauthenga anu.

Mndandanda umaola msanga ngati tomato. Atolankhani amasamuka nyumba, ena amapita kukakhala ofalitsa nkhani a mabanki ndi mabungwe, pulogalamu zimatha wozilipirira akasiya. Ngakhale mawailesi enieniwo amatsekedwa: mu 2022 bungwe loyang'anira mawailesi la MACRA lidalanda ziphaso mawailesi ndi makanema angapo chifukwa cha ngongole za ziphasozo. Pa miyezi itatu iliyonse khalani pansi ola limodzi, muone ngati dzina lililonse likutulukabe pamene mudalipeza. Amene wasamuka musamufufute, ingosinthani nyumba yake, chifukwa wapita ndi chidwi chake cha zaulimi kumene wapitako, ndipo mufunse amene walowa m'malo mwake.

Maimelo 60 aja musawataye lero. Dutsanimo limodzilimodzi, dzina lililonse mulifufuze pa Facebook kapena pa tsamba la nyumba yake, muone chimene adalemba miyezi itatu yapitayi. Amene alemba za ulimi, za malonda kapena za Mchinji alowe m'kope latsopano, ndipo pa mzere wawo mulembe kuti adalandirapo kale uthenga wa chigulu, kuti powalembera kachiwiri muyambe ndi kupepesa pang'ono.