Katoni ya zidole ija musaigulitse yonse pakamodzi

Achimwene, ndaona post yanu ya katoni ya zidole yomwe mwaipeza kwa amayi, zija bambo ankakubweretserani akamachokera ku UK m'ma 80 ndi 90, ndiye mukuti wina pa Facebook akufuna akupatseni K60,000 atenge zonse ndipo mukufunsa ngati mulole. Ine nkuti musamuyankhe kaye. Munthu wofuna katoni yonse osafunsa chimodzichimodzi nthawi zambiri amakhala waonamo chimodzi kapena ziwiri zomwe akuzidziwa mtengo, zinazo akungotengera limodzi.

Pa chithunzi chanu ndaonapo He-Man, Skeletor, ma Ninja Turtles awiri, awiri a mu filimu ya Star Wars, Chewbacca ndi Stormtrooper yemwe wayamba chikasu, komanso ma Power Rangers. Choyamba tengani chilichonse muchitembenuze, muunike ndi tochi ya foni. Za Star Wars zakale zija za kampani ya Kenner zimakhala ndi timalemba kumbuyo kwa ntchafu, chaka ndi dziko lomwe zinapangidwa, zambiri ndi Hong Kong, zoyambirira zinalembedwa 1977 ngakhale zinafika m'mashopu 1978, ndipo mtundu umenewu unasiya kupangidwa 1985. Ku UK ankazigulitsa ndi a Palitoy. He-Man ndi wa Mattel, anatuluka 1982, zolemba zake zili kumsana. Ma Turtles ndi a Playmates kuyambira 1988. Koma chenjerani, chaka cholembedwacho si nthawi zonse chimakhala chaka chomwe chidolecho chinapangidwa, makampaniwa akhala akutulutsanso zatsopano zooneka ngati zakale, monga Star Wars Retro Collection ya 2019 ndi Masters of the Universe Origins ya 2020. Zanuzo poti mukudziwa komwe zinachokera vuto limeneli mulibe, koma amene mumatola matoyi pa kaunjika muzisamala pamenepa.

Tsopano chomwe anthu ambiri sadziwa, ndalama kwenikweni ili mu tinthu ting'onoting'ono tomwe tinkatayika tsiku loyamba lomwe. Kalupanga ka He-Man, nkhwangwa yake, chishango, kachovala ka pachifuwa kaja, ndodo ya Skeletor yokhala ndi mutu wa nkhosa, malamba a ma Turtles, kamfuti kakuda ka Stormtrooper kochepa kuposa kamtengo ka machesi. Chidole chopanda zida zake mtengo umagwa kwambiri, ndipo nthawi zina kamfuti kokha koorijino kamaposa chidole chenichenicho poti zidole zinatsala zambiri koma timfuti tinapita ndi tsache. Ndiye musanataye katoniyo ikutumuleni pa nsalu yoyera, fufuzani m'makona ndi pansi pa zomata, muwafunsenso amayi ngati palibe kachitini kena komwe ankaponyamo tinthu totola posesa.

Ndikuuzeninso zoona kuti mtima usakwere kwambiri. Mumva nkhani ya Boba Fett wa mu Star Wars yemwe anagulidwa ndalama zoposa madola 1 miliyoni mu 2024, izo nzoona, koma ameneyo anali wongoyeserera ku fakitale mu 1979, wothuvula kamzinga kumsana, ndipo sanagulitsidwepo m'shopu poopa kuti ana angatsamwe nako. Zomwe zimagulidwa modula ndi zosowa ngati zimenezo, kapena zomwe sizinatsegulidwe m'paketi yake mpaka lero. Zathu zomwe tinkamenyanitsa pa dothi, penti itasupuka pamphuno, mwendo utatafunidwa ndi galu, mtengo wake ndi wapakatikati basi. Ma Power Rangers a Bandai a kuyambira 1993 anapangidwa ochuluka zedi, musayembekezere zambiri. Star Wars za 1995 kupita mtsogolo nazonso nzotchipa chifukwa nthawi imeneyo akuluakulu anali atadziwa kale, aliyense ankagula nkusunga.

Mtengo weniweni muupeza pa eBay, msika wa pa intaneti, koma osayang'ana zomwe anthu akuitanira, aliyense amatha kulemba mtengo womwe walota. Sakani dzina la chidole ndi chaka, kenako sankhani pomwe palembedwa Sold items muone zomwe zinagulidwadi, ndipo muyerekeze ndi zofanana ndi chanu, chotsegula ndi chotsegula chinzake, chopanda zida ndi chopanda zida chinzake.

Chonde chonde musazikonze. Osapentanso, osamata ndi supa guluu, osaviika mu Jik kuti Stormtrooper ayere, ogula amaona msanga ndipo amakonda chothetheka choorijino kusiyana ndi chopentedwa. Madzi ofunda pang'ono, sopo wochepa, mswachi wofewa, muumitse pa mthunzi, ndipo pomwe pali stika pasafike madzi. Miyendo ya He-Man ikakhala lendelende ndi labala yamkati yomwe yatha mphamvu, musaikoke. Ngati muli choyendera mabatire achotseni lero lomwe, akatuluka madzi amadya zitsulo. Posunga, chilichonse m'kathumba kake, kutali ndi dzuwa, osati pamwamba pafupi ndi malata poti kutentha kwa mu Okutobala kumapangitsa pulasitiki kuyamba kumata.

Pa zogulitsa, kutumiza chimodzichimodzi kuchokera kuno kudya phindu lonse. Ngati muli ndi m'bale ku UK kapena ku Joni, mupatsire munthu wodalirika akamapita, iye akaike pa eBay kapena Bob Shop, msika wa pa intaneti wa ku Joni, kumeneko ogula alipo ambiri. Jambulani chilichonse kutsogolo, kumbuyo ndi pa timalemba tija musanapereke.

Koma mwanena kuti mutamugwira He-Man munakhala pansi osalankhula, kukumbukira bambo akutsegula sutikesi pabalaza. Ameneyo ine sindingagulitse ngakhale pa mtengo wabwino. Ndalama yake itha pa ma units a magetsi ndi mafuta a galimoto mwezi usanathe, ndipo ngakhale mutadzagula He-Man wina pa intaneti sadzakhala amene bambo anasankha ndi manja awo. Patulani awiri kapena atatu omwe mumawakumbukira bwino, muwaonetse ana anu, otsalawo ndi amene muwafufuze mtengo modekha. Wa K60,000 uja muuzeni kuti mukuganiza kaye, akayamba kukweza yekha mudziwa kuti mukatonimo muli kanthu. Ponyani pano zithunzi za kumbuyo kwa miyendo ya Chewbacca ndi Stormtrooper tione chaka.