Dzina la mwana wanu lingabisike, koma zitengera zaka zimene apolisi analemba

Mayi wina watilembera motere: "Mwana wa malemu mchemwali wanga, amene ndamulera ndekha, ali ndi zaka 17 ndipo ali Fomu 3. Anamangidwa pamodzi ndi anyamata awiri akuluakulu pa imfa ya mnyamata wina amene anamenyedwa pobwera ku mpira. Apolisi analengeza dzina lake, mudzi wathu ndi mfumu yathu, ndipo anati ali ndi zaka 19. Chithunzi chake chili ponseponse pa Facebook, anthu akutiopseza kuti atiotchera nyumba. Amalume ake akuti tipite kwa ofedwa ndi chipepeso kuti nkhani ithe. Kodi khoti lingalamule kuti dzina lake lisatchulidwenso? Nanga amene anamufalitsawo tingawasumire?"

Mayi,

M'Malawi muno mlandu wa kupha munthu umazengedwa poyera, ndipo munthu wamkulu amene akuyankha mlanduwo alibe ufulu woti dzina lake libisidwe. Ndime 42 ya malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994 imati woimbidwa mlandu azengedwe pamaso pa anthu, ndipo inalembedwa choncho pofuna kuteteza woimbidwa mlandu yemweyo. Amene anaiona nthawi ya chipani chimodzi akukumbukira anthu akutsekeredwa abale osadziwa kumene ali, komanso makhoti a mafumu akuweruza milandu ya kupha munthu popanda loya. Woweruza ali nayo mphamvu yotulutsa anthu m'khoti pa zifukwa zina, monga pamene wogwiriridwa akupereka umboni, koma manyazi a banja kapena kuopa kulozedwa chala pamsika nthawi zambiri sizikwanira. Anzake awiri aja, ngati alidi akuluakulu, maina awo azimveka pa wailesi mpaka tsiku la chigamulo.

Za mwana n'zosiyana. Lamulo la mu 2010 losamalira ndi kuteteza ana komanso kuweruza milandu yawo limaletsa atolankhani kuulula dzina, kumene akukhala, sukulu, chithunzi kapena chilichonse chimene chingachititse anthu kumuzindikira mwana amene ali pa mlandu. Mlandu wa kupha munthu umakazengedwa ku Khoti Lalikulu, pakuti majisitireti alibe mphamvu pa mlandu wotere, koma jaji kumeneko ayenera kutsatabe ndondomeko yoteteza ana. Mungakumane ndi ofesala wina wokuuzani kuti mwana amathera pa zaka 16, chifukwa ndi mmene lamulo la 2010 lija linalembedwera poyamba. Muuzeni mwaulemu kuti mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu kuti aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana, ndipo palibe lamulo lina loposa amenewo.

Ndiye nkhani yanu yonse yagona pa nambala imodzi, 19 uja. Apa ndikhalitsapo, chifukwa milandu ya ana imene ndaiona ikuwonongeka yambiri inawonongekera pamenepa, umboni wa imfayo usanayambe n'komwe kumvedwa.

Zimachitika motere. Mnyamata wamtali, ndevu zayamba kumera, wafika pa kauntala usiku maunyolo ali m'manja. Wapolisi akumuyang'ana n'kulemba zaka zimene akuona ndi maso, kapena akumufunsa, iye chifukwa cha mantha kapena pofuna kuoneka wamkulu pamaso pa anzake n'kuyankha zilizonse. Nambala ija ikulowa m'buku la pa kauntala, kenako pa sitetimenti imene iye akusainira osaiwerenga, kenako pa pepala la mlandu, kenako pa kalata yomutumizira ku rimandi. Mneneri wa apolisi akuitenga pomwepo n'kuiwerenga pamodzi ndi mawu aja amene tonse tinawazolowera, akuti amachokera m'mudzi wakuti, mfumu yaikulu yakuti, m'boma lakuti. Pofika kwa jaji, mwina patapita chaka, 19 uja ali pa mapepala ambirimbiri a boma, ena osainidwa ndi mwanayo, ndipo palibe pepala ngakhale limodzi losonyeza kuti wina anatsutsapo. Loya akadzaimirira pa nthawi imeneyo kuti wanga uyu ndi mwana, woimira boma amangofunsa kuti munali kuti nthawi yonseyi. Funso limenelo limapweteka, chifukwa majaji aonanso akuluakulu ambiri akudzichepetsa zaka zinthu zikathina.

Abale ambiri amakhala chete tsiku loyamba kwa majisitireti chifukwa amva kuti lero si tsiku la mlandu, angomuwerengera chabe n'kumubweza ku rimandi. N'zoona kuti tsiku limenelo sayankha zovomera kapena kukana mlandu. Koma ndi tsiku lomwelo pamene zaka ziyenera kutsutsidwa. Ngati tsikulo linadutsa kale, tsiku lotsatira limene akaonekerenso ndi lanu. Loya, kapena mwanayo, kapena inuyo monga womulera mutapempha chilolezo cholankhula, munene momveka kuti zaka zalembedwazo n'zolakwika, mupemphe kuti khoti lifufuze zaka zake, ndipo mupemphe kuti mawu anuwo alembedwe mu failo. Kuuza wapolisi pakhonde la khoti n'kutaya mawu. Chimene sichinalowe mu failo, kwa jaji sichinachitike.

Khoti lingathe kutuma ofesala wa zosamalira anthu kuti afufuze, kapena kutumiza mwanayo kuchipatala kuti akamuyeze. Kuyeza kwa kuchipatalako musakudalire kwambiri. Kawirikawiri amayang'ana mano akumapeto ndi kakulidwe ka thupi, ndipo pakati pa zaka 17 ndi 19 thupi silinena zolondola. Kapepala kongoti "zaka 18 kapena kupitirira" kangathe kukugwetsani. Pakakhala chikaiko chenicheni khoti limayenera kupendekera kwa mwana, koma sindingakulonjezeni kuti woweruza aliyense aziona choncho, n'chifukwa chake mapepala ayenera kufika iye asanatumizidwe kukayezedwa.

Mapepala amene ali ndi mphamvu ndi akale, olembedwa pamene panalibe munthu woganizira za mlandu. Kadi ya kusikelo, ngakhale itang'ambika kapena kuda ndi utsi, bola tsiku lobadwa ndi masiku a katemera akuwerengeka. Kaundula wa kuchipatala kumene anabadwira. Kalata ya ubatizo, kapena buku la ku tchalitchi kapena ku mzikiti. Kaundula wa sukulu imene anayambira Sitandade 1. Kulembetsa mwana aliyense akabadwa kunayamba kukakamizidwa mu 2015, kotero wa msinkhu wake kukhala wopanda chiphaso cha kubadwa si zachilendo, ndipo makhoti akudziwa zimenezo. Kalata ya a mfumu yolembedwa sabata yatha ili ndi mphamvu yochepa, ingothandizira zinazo. Kwa aliyense perekani fotokope. Mapepala enieniwo asatuluke m'manja mwanu kufikira khoti litawaitanitsa.

Pali chimodzi chimene mabanja amabisira loya wawo yemwe, n'kudzachitulukira m'khoti. Ngati mwanayu ali ndi chiphaso cha unzika chimene wina anamuwonjezerapo zaka kuti alembetse mavoti kapena alowe m'kaundula wa feteleza wotsika mtengo, kapena ngati kusukulu anamuchotsera zaka, nenani lero lomwe. Mapepala osemphana loya angathe kuwafotokoza akawadziwiratu. Koma woimira boma akatulutsa chiphaso chimene inu munachibisa, kadi ya kusikelo ija nayonso imayamba kuoneka yokonza. Ndipo musayese dala kukonzetsa pepala latsopano kwa munthu wa pakona. Umenewo ndi mlandu wina, wa inuyo.

Zaka zimenezi sizikuteteza dzina lokha. Mwana sayenera kusungidwa pamodzi ndi akaidi akuluakulu. Apolisi amayenera kudziwitsa kholo kapena womulera akamumanga, ndipo ngati sitetimenti anaitenga popanda wamkulu wake aliyense, loya ali ndi poyambira poitsutsa, ngakhale kuti jaji ndiye adzaone kulemera kwake. Mwana woimbidwa mlandu pamodzi ndi akuluakulu angapemphe kuti wake uzengedwe padera. Pa chilango napo pali kusiyana kwakukulu. Wamkulu wopezeka wolakwa pa kupha munthu mwadala angalandire chilango cha imfa kapena kukhala m'ndende moyo wonse, ngakhale kuti kuchokera pa mlandu wa Kafantayeni mu 2007 jaji sakakamizidwanso kupereka imfa ndipo amayang'ana mmene zinachitikira. Amene anali wosafika zaka 18 pa tsiku limene mlanduwo unapalamulidwa saweruzidwa kuti aphedwe, ndipo pali malo osungirako ana olakwira malamulo monga Mpemba ku Blantyre ndi Chilwa ku Zomba. Koma musayembekezere kuti mlandu waukulu chonchi ungachotsedwe m'khoti n'kukathera pa uphungu ngati wa kuba nkhuku.

Za zimene zafalitsidwa kale, madzi akatayika saoleka. Chimene chingatheke n'kuletsa kuti zisapitirire. Zaka zikangovomerezedwa, loya apemphe jaji kuti alamule momveka kuti dzina, chithunzi, sukulu ndi mudzi zisatchulidwe, ndipo pa mapepala a khoti pazilembedwa zilembo zoyamba za dzina basi. Chikalata cha lamulo limenelo ndicho mungatumize kwa akonzi a nyuzi ndi eni masamba a pa Facebook. Nyumba zofalitsa nkhani zodziwika nthawi zambiri zimamvera, ndipo ina ikakana mungakadandaule ku Media Council of Malawi, bungwe loona za kagwiridwe ntchito ka atolankhani. Masamba osadziwika eni ake ndi ovuta kuwagwira. Kusuma ndikukulangizani kuti mudikire. Amene analemba kuti mwana wanu wamangidwa pomuganizira ananena zimene zinachitikadi, ndipo n'kovuta kuwina mlandu woipitsa mbiri pa mawu oona. Amene analemba kuti iye ndiye wapha ali pena, popeza lamulo limamuona wosalakwa kufikira khoti litagamula. Jambulani zonsezo ndi masiku ake, musunge. Ndalama ndi mphamvu zanu pakali pano zipite ku mlandu weniweniwo.

Ndiponso muwauze abale asiye kuyankha pa Facebook ndi kutumiza mauthenga a mawu m'magulu a WhatsApp. Sindimvetsa chifukwa chake munthu amapempha khoti kuti libise dzina la mwana, madzulo ake n'kuika chithunzi cha mwana yemweyo atavala yunifolomu ndi mawu oti "ndi wosalakwa, anangomumenya kamodzi". Mawu oterowo woimira boma amawalandira ndi manja awiri.

Amalume akewo ndikuwamva kumene akuchokera, maliro a pamudzi sitimawayang'anira patali. Koma auzeni kuti akhale pansi. Mlandu wa kupha munthu si wa banja la ofedwa, ndi wa boma, ndipo amene angauimitse ndi mkulu wozenga milandu ya boma yekha. Ofedwa angalandire mbuzi ndi ndalama, mlandu n'kupitirira ngati kale. Choipa kwambiri n'chakuti ena a m'banja limenelo angakhale mboni, kotero ulendo wa amalumewo ungamveke m'khoti ngati kunyengerera mboni kapena kuvomera kulakwa, belo n'kukanidwa pa chifukwa chimenecho. Ngati pali chopepesa mwa mwambo, chidzere kwa loya, pa nthawi imene iye aone kuti n'koyenera.

Belo pa mlandu uwu amapereka ndi Khoti Lalikulu lokha. Aliyense wa kupolisi kapena wa pakhonde la khoti wokuuzani kuti mumupatse kangachepe amutulutse kapena ayendetse doketi, failo ya apolisi ya mlanduwo, akungokudyerani. Lamulo limati woganiziridwa kupha munthu asasungidwe kupitirira masiku 90 mlandu usanayambe, ndipo boma lingapemphe khoti masiku ena osapitirira 30. Kunena zoona, masiku amenewa amadumphidwa kawirikawiri, doketi ikudikira lipoti la dokotala woyeza mtembo kapena ili pa ulendo wopita kwa mkulu wozenga milandu uja, koma kudumphidwako ndi mfundo yamphamvu popempha belo, choncho lembani tsiku limene anamangidwa. Zoopseza kuotcha nyumba zija kanenezeni kupolisi ndipo mutenge nambala ya dandaulo lanu. Dziwani kuti nkhani yomweyo ingagwiritsidwe ntchito pokana belo, ponena kuti mwanayo akatuluka moyo wake ukhala pa chiswe. Pezeranitu wachibale wokhala boma lina amene angamusunge, ndi anthu awiri okhazikika, okhala ndi ziphaso zawo, oti amuimirire.

Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau sabata ino. Ali ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Zomba, Mzuzu ndi m'maboma ena. Milandu yawachulukira, ndiye musangolembetsa n'kukakhala kunyumba: tengani dzina la loya amene wapatsidwa failo ndi nambala ya mlandu, muzikumbutsa. Alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI amene amayendera ndende angathandizenso kuti asamutsidwe kuchoka m'chipinda cha akuluakulu. Mukapita kukamuona, muuzeni asafotokozere aliyense za tsiku la imfa ija, ngakhale anzake awiri aja, ndipo asasainirenso pepala lililonse loya palibe.

Muonenso tsiku limene akwanitse zaka 18. Pa chilango khoti limayang'ana zaka zimene anali nazo tsiku limene mlanduwo unapalamulidwa, koma pa kubisa dzina pangabuke mtsutso akadzakula mlandu uli mkati, ndipo milandu yotere imatenga nthawi. Loya apemphe lamulo loletsa kutchula dzinalo tsikulo lisanafike, ndipo lilembedwe kuti ligwira ntchito mpaka mlandu wonse utatha, ndi apilo yomwe.