Sefa ya kabowa pa Forester ya turbo: yankho kwa achimwene a ku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Area 25 ku Lilongwe. Ali ndi Subaru Forester SG5 ya turbo, ya injini ya EJ205, ndipo ekizozi anasintha kale. Akufunsa kuti achotse bokosi la air cleaner, momwe mumakhala sefa ya mpweya, n'kuika sefa ya kampani ya ku Japan ya HKS yooneka ngati bowa ija, kapena agule ya K&N yolowa m'bokosi momwemo. Kumapeto anangotchulako kuti kawiri pamwezi amapita kumudzi ku Dowa, ndipo mbali yomaliza ya ulendowo ndi msewu wafumbi.

Achimwene, mawu anu omalizawo ndi amene ali ndi yankho. Bokosilo musalichotse.

Kuti lita imodzi ya petulo ipse bwino, injini imakoka malita pafupifupi 9,000 a mpweya. Taganizani mu Okutobala, muli kumbuyo kwa lole, mpweya wonsewo uli tolotolo ndi fumbi. Fumbi la m'misewu yathu ndi mchenga wosalala, ndipo likadutsa sefa limayamba kupala timapiko ta turbo, kenako makoma a silinda ndi maring'i a pisitoni. Simumva chilichonse mwezi woyamba. Mumangozindikira kuti oyilo wayamba kuchepa msanga, ndipo utsi wabuluu ukutuluka kumbuyo. Sefa zambiri za mpikisano zimalowetsa mpweya wochuluka chifukwa timabowo take n'tokulirapo. Pa msewu wa tala wa ku Japan zimenezo zilibe vuto kwenikweni, koma ku Dowa ndi nkhani ina.

Palinso kutentha. Bokosi lomwe Subaru anaika limatenga mpweya wozizirirapo kuchokera kunja. Kabowa kopanda chotchinga kamapuma mpweya wa pansi pa boneti, pomwe turbo ndi radiyeta zikuwotcha. Mpweya ukatentha ndi madigiri 10, umapepuka ndi magawo pafupifupi 3 pa 100 alionse, ndiye kuti okosijeni wolowa wachepa. Phokoso la kuyamwa lija n'lokoma, inenso limandisangalatsa, koma mukaima pa mzere wa magalimoto ku Old Town masana, mphamvu imatsika m'malo mokwera.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa galimoto yanu ndi MAF sensa, kachipangizo kali mu paipi kuseri kwa sefa. Kali ndi kawaya kotentha komwe kamayeza mpweya wodutsa, ndipo kompyuta ya injini imathira petulo malinga ndi zimene kauzidwa. Muyeso wake unakonzedwa potengera kukula kwa paipi yoyambirira. Mukaika paipi ya kukula kwina, sensa imanama. Ikawerenga mpweya wochepa kusiyana ndi umene walowadi, petulo amachepa, moto umatentha mopyola, injini n'kuyamba kugogoda turbo ikamakankha. Mapisitoni a injini za EJ ngati yanuyi sapirira kugogoda kotere. Amasweka pamalo pamene pamakhala maring'i. Choncho aliyense wosintha paipi yolowetsa mpweya pa Subaru ya turbo ayenera kuchunitsanso kompyuta kwa munthu amene ali ndi zida zoyezera. Ngati munthu wotere simukumudziwa, siyani mmene zilili.

Nanga K&N yolowa m'bokosi? Ndi kampani yakale ya ku California, ndipo sefa zake ndi za nsalu ya thonje yopakidwa oyilo, zochapidwa n'kugwiritsidwanso ntchito. Fumbi limagwidwa ndi oyiloyo. Vuto limabwera pa kuchapa: mukapaka wochepa fumbi limadutsa, mukachulutsa oyilo amatha kukamata pa kawaya ka sensa. Pamafunika mankhwala ake ochapira ndi oyilo wake, osati sopo waufa ndi oyilo wa injini, komanso kudikira kuti iume yokha. Pa maulendo anu a fumbi, ntchito imeneyi idzakhala ya pafupipafupi.

Ine ndikanakhala inu, ndikanatenga sefa ya pepala yeniyeni ya Subaru kapena ya Denso n'kumaisintha msanga m'chilimwe. Pa Forester yongosinthidwa ekizozi, sefa ya pepala yoyera siipanikiza injini. Mukafunitsitsa yochapa, funani youma yosafuna oyilo, monga AEM Dryflow, ya muyeso wolowa m'bokosi lanu. Samalani ndi zachinyengo zomwe zadzaza m'misika: labala wa m'mphepete akakhala wolimba kapena wosakhazikika bwino, fumbi limangolambalala sefayo. Ndipo makaniko asakupemerereni ya pepala ndi kompulesa, chifukwa mphepo yamphamvu imaboola timabowo tosaoneka ndi maso.

Mukabwerako ku Dowa ulendo wotsatira, tsegulani bokosi, tengani kansalu koyera mupukute mkati mwa paipi kuseri kwa sefa, osakhudza sensa. Kakatuluka kofiira, sefa imene ilipoyo ikudutsitsa fumbi, ndipo muisinthe musanayendenso ulendo wina.