Achimwene, ngoma yanga ya ku Limpopo ndi 125 grain

Achimwene, pa funso lanu loti chipolopolo chopepuka cha 125 grain (grain ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) n'choyenera kusakira ngoma, nyama ija ya m'tchire, ndi mfuti yanu ya .308: 125 grain ku ngoma ayi, chonde. Mtima ukundipwetekabe ndikamalemba izi. Ine wa m'sitolo ya mfuti anandinamiza ndi mawu akuti chipolopolo chopepuka chimawongoka, sichigwa msanga. Ndinamuuza poyera kuti mfuti ndi .308, ndikupita ku Limpopo, ku South Africa, kukasaka ngoma m'tchire lowirira. Iye anangofuna kuchotsa mabokosi omwe anakhalitsa pa shelefu.

Ngoma yaimuna inaima chopingasa, mamita osakwana 80. Ndinalozetsa paphewa, mfuti inali pa ndodo, dzanja silinanjenjemere. Inagwa, kenako dzambatu, ulendo pa miyendo itatu. Pamalopo tinapeza ubweya, tizidutswa ta fupa ndi magazi ochepa, opanda thovu la m'mapapo. Wolondola mapazi anangondiyang'ana osanena kanthu. Chipolopolo chija chinali cha chikopa chopyapyala, chothamanga mamita oposa 900 pa sekondi, ndiye chitamenya fupa chinaphulikira pomwepo osalowa mkati. Tinayenda mu minga mpaka mdima, galu kutsogolo, malaya ong'ambika. Tinaipeza mawa lake masana, ikupumabe, ntchentche zili waa pabala, maso ali pa ife. Nyama yonse yapaphewa inali itaonongeka. Ndalama za pafamu yomwe timasakapo ndinalipira zonse, paja lamulo ndi lakuti ukatulutsa magazi nyamayo ndi yako. Koma chimandiwawa ndi usiku wonse umene inavutika chifukwa cha munthu wadyera. Nditabwerera kukamuuza wa m'sitolo uja, akuti "mwina simunalase bwino". Munthu wosadziwa n'komwe fungo la tchire!

Ndiye kwa .308 yanuyo tengani 165 kapena 180 grain. Cha 180 chimalemera magalamu pafupifupi 11.7 ndipo chimayenda pang'onopang'ono, koma chimaboola. Onaninso twist ya mpope wanu, kutanthauza kupotana kwa mizere ya mkati mwake imene imazunguza chipolopolo: 1:12 (kuzungulira kamodzi pa mainchi 12) imayamba kuvutika ndi zazitali kwambiri, 1:10 imazigwira bwino. Mukaona mabowo opingasa pa pepala dziwani kuti chipolopolo chikugubuduka. Ndipo ngati mumadzithirira nokha onga m'makatiriji, mukakweza kulemera kwa chipolopolo musasiye mlingo wa onga womwewo, pressure (mphamvu yokankha mkati mwa mfuti) imakwera. Bwererani ku starting load, mlingo woyambira wa onga, ya m'buku la opanga ongawo, kaya ndi Somchem kapena wina, muzikwera pang'onopang'ono mukuyang'ana ma primer, tizitsulo toyatsa onga kumbuyo kwa katiriji, ngati akuonetsa kuti pressure yakwera.

Komabe musatengeke ndi nambala yokha. Mnzanga amagwetsa ngoma ndi 130 grain ya Barnes TTSX, ya mkuwa wokhawokha, ndipo imatulukira mbali inayo chifukwa siinyenyeka. Ku Karoo, dera louma la ku South Africa kumene springbok (mtundu wa mbawala) umaiombera patali, inenso ndimapepukitsa. Ngati mfuti yanu ikuunjika 150 pamalo amodzi ndipo ndi bonded (mtovu wa mkati unamatidwa ku chikopa chake), pitani nazo, kusiyana ndi 180 yomwazika. Werengani pa bokosi kuti anachipangira nyama yanji, ndipo mukaona mawu oti varmint (cha tinyama tating'ono) chisiyeni pomwepo.