Yankho la amalume pa nkhani ya famu ya mzungu ija

Eee, ndamva funso lako, mwana wa mlongo wanga. Ati popeza agogo ako aamuna anali mwana wa mzungu wa fodya uja, kodi famu ija sitingaitenge ngati cholowa chathu? Ndiyankha pompano pagulu kuti nonse mumve, chifukwa nkhaniyi imatuluka pamaliro aliwonse.

Iyayi, sitingaitenge.

Malo aja mzungu sanawapemphe kwa mfumu iliyonse. Kunali kampani ya North Charterland, imene inkati dera lonse lino la kum'mawa kwa Zambia ndi lake chifukwa cha pepala limene Mjeremani wina, Carl Wiese, ankati anapatsidwa ndi Mpezeni, mfumu ya Angoni. Angoni atagonjetsedwa mu 1898, Nsingo mwana wa Mpezeni n'kuphedwa, kampaniyo inayamba kudula mafamu kuzungulira Fort Jameson, Chipata wathu yemweyu, n'kumagulitsa kwa azungu. Eni nthaka anakankhidwira kumalo opanikizana, mpaka boma linachita kugula malo a kampaniyo mu 1941 kuti anthu apeze polima.

Ndiye agogo anga aakazi ankasankha fodya m'shedi pafamupo. Mzungu uja sanawakwatire kuboma, ndipo mwana atabadwa, amene ndi atate anga, anakaleredwa kumudzi. Atate ankanena okha kuti ankapita kukaima kuseri kwa khitchini pa Khirisimasi, n'kupatsidwa kabudula ndi shuga, basi. Dzina lawo silinalembedwe papepala lililonse la famuyo. Mzunguyo pochoka anagulitsa, ndalama n'kupita nazo kwa ana ake achizungu. Zimandiwawa mpaka lero, koma kuwawa mtima si umboni kukhoti. Mabani a njerwa oumitsiramo fodya aja akadalipo, m'bani imodzi mwamera mkuyu, mizu yang'amba khoma.

Komanso malamulo anasintha. Mu 1975, nthawi ya a Kaunda, umwini wamuyaya wa malo unathetsedwa, mafamu onse n'kukhala obwereka kuboma kwa zaka 100. Lamulo la 1995 likuti nthaka yonse ili m'manja mwa Pulezidenti. Amene ali ndi taitolo lero ndiye mwini. Ukafuna kudziwa kuti ndani, pita ku ofesi ya za malo ndi nambala ya famu, akakufufuzira. Koma usapatse munthu ndalama wokulonjeza kuti akubwezerani famu, amenewo ndi akuba.

Tsono mvera apa. Cholowa chako chenicheni ndi munda wa amayi anga kumudzi, pamodzi ndi dimba lija la kudambo. Umenewo ndi wamwambo, ndipo lamulo logawa chuma cha masiye la 1989 siliukhudza. Ife Achewa timatsata kuchikazi, ndiye iwe uli ndi mawu pamenepo kuposa ana anga obereka ndekha. Anyakwawa akhala akufunsa kuti alime ndani, chifukwa tsala likatalika amapatsa wina. Bwera mvula isanagwe, utenge nkhuku, tikaonekere kwa iwo. Uwauzenso amayi ako andiimbire madzulo.