Zoluka mu gemu yanu: musalole juzi kutha tsiku limodzi

Achemwali, ndaona funso lanu. Mukuti mukupanga gemu ya moyo wa tsiku ndi tsiku, yonga The Sims ija, ndipo mukufuna anthu a mu gemumo azitha kuluka, koma mukuopa kuti zingothera pa kudina batani n'kumadikira kamzere kadzaze. Nkhawa yanuyo ndi yomveka. Ineyo ndimaluka, komanso magemu oterewa andidyera nthawi yambiri, ndiye ndiyankha monga munthu wodziwa kuwiri konse.

Yambani mwaonako zimene anzanu anachita kale. The Sims 4 inatulutsa Nifty Knitting, gawo loonjezera la zoluka, mu Julayi 2020, ndipo mutuwo anachita kuvotera ndi osewera eniake. Muli mpando wogwedera wokhalapo poluka, ndi msika wa pa intaneti wotchedwa Plopsy wogulitsirapo zimene waluka. Mu Stardew Valley, gemu ya zaulimi, mulibe kuluka kwa singano, koma onani mmene analumikizira zinthu: uweta nkhosa, umeta ubweya, uuika pamakina n'kutuluka nsalu, kenako usoka chovala. Kandondomeko kameneko n'kabwino chifukwa chinthu chimakhala ndi kochokera.

Koma langizo langa lalikulu ndi ili: mtima wa kuluka uli pa chinthu chosatha chija chimene chili pasingano. Woluka aliyense ali ndi kathumba kamene muli mkono umodzi wa juzi umene anauyamba miyezi yapitayo. Ndiye mu gemu yanu, choluka chosamalizidwa chikhale chinthu chenicheni, chooneka ndi maso. Munthu achisiye pampando, achiike m'chikwama, achitulutse pocheza ndi mnzake, poonera TV kapena podikira basi. Sikafu izioneka ikutalika tsiku ndi tsiku. Chipewa chithe m'madzulo awiri kapena atatu a mu gemu, koma juzi ya munthu wamkulu itenge masabata. Manja aziluka kwinaku pakamwa pakulankhula, chifukwa ndi mmene zimakhalira. Mukamumangirira munthu pampando ngati wagwidwa ndi ulimbo, mwaphonya.

Chonde musayese zoti wosewera azidina pa sitichi iliyonse. Juzi imodzi imakhala ndi masitichi masauzande ambirimbiri, zala zingachite kutupa. Kamasewera ka manja kaikeni pamalo ovuta okha: poyamba kukoleka ulusi pasingano, popinda chidendene cha sokosi, ndi potseka m'mphepete pomaliza. Kwinako kuziyenda kokha.

Pa nkhani ya luso, musavutike kupeka. Kuluka konse kwa singano ziwiri kwagona pa masitichi awiri basi, otchedwa knit ndi purl (purl ndi knit yotembenuza). Wongoyamba amangobwereza knit yokhayokha n'kutuluka sikafu yokhota m'mbali. Akadziwa kusinthanitsa awiriwo amapanga m'mphepete motamuka muja mwa chipewa kapena pakhosi pa juzi. Kenako amafika pa masokosi, pa mizere yopotana ngati chingwe ya majuzi a ku zilumba za Aran ku Ireland, ndi pa mitundu yosakaniza ya Fair Isle ya ku Shetland, imene kawirikawiri amagwiritsa ntchito mitundu iwiri yokha pa mzere umodzi. Makwerero a malevulo anu ndi amenewo, okonzeka kale. Ndipo poti pateni yoluka ndi timabokosi chabe, mutha kumupatsa wosewera kagiridi koti ajambulepo yekha, monga zimakhalira ndi zojambula pazovala mu gemu ya Animal Crossing.

Tsono pamene pali zokoma zenizeni ndi pa zolakwika. Sitichi ikapulumuka pasingano imatsika mizere ingapo n'kusiya bowo. Wosewera asankhe: amasule mizere khumi n'kutaya ntchito ya tsiku lonse, kapena angopitiriza, bowolo likhale mpaka kalekale? Munthu akaluka atakwiya ulusi umathina, akaluka ali ndi tulo umakhwefuka, ndiye lumikizani mmene akumvera ndi mmene chovala chikutulukira. Oluka odziwa amayamba aluka kachidutswa ka masentimita 10 uku ndi uku kuti aone ngati muyezo ukugwirizana. Ambirife timachita ulesi n'kudumpha, kenako juzi imatuluka yokwana anthu awiri. Ikanimo zimenezo. Ikaninso zoti wulu akakuthera pakati, wina amene ukagule akhoza kusiyana mtundu pang'ono chifukwa sananyikidwe limodzi. Ndipo pali matenda odziwika pakati pa oluka: ukamaliza sokosi yoyamba, yachiwiri imagwetsa ulesi. Ine ndili ndi masokosi atatu opanda anzawo, musafunse zambiri.

Chinanso, munthu saluka chabe, amalukira winawake. Poyamba ntchito, gemu ifunse kuti mukulukira ndani, ndipo dzina la woluka likhalebe pachovalacho. Wolandirayo akachivala azikumbukira woluka uja, ngakhale atasamuka kapena atamwalira. Akakhala mwana, akule n'kuchisiya, chipite kwa mng'ono wake. Mungathenso kumalizira juzi ya khanda khandalo litayamba kale kuyenda, ndipo osewera adzaseka chifukwa n'zoona. Ena alandire mphatso n'kuiponya m'kabati osaivala, woluka n'kudandaula chamumtima. Oluka ali ndi kanthabwala koti ukalukira chibwenzi juzi, chibwenzicho chimatha juziyo isanathe kapena itangoperekedwa kumene. Kameneko n'kosavuta kukaika, ndipo kamabereka nkhani.

Chovala chisathere pa tsiku lopereka. Ubweya ukachapidwa m'madzi otentha umafupika n'kuuma gwa, njenjete zimauboola, chigongono chimaperepeseka. Mukaika kukonza ndi kuphatika zigamba, kapena kumasula juzi yakale kuti ulusi wake ulukirenso china, chinthu chimodzi chitha kudutsa mibadwo itatu ya mu gemu. Agogo aziphunzitsa mdzukulu, ndipo pateni ina izipezeka pokhapokha wina wakuphunzitsa.

Zogulitsa ikanimo, koma phindu likhale lochepa poyerekeza ndi nthawi. Likachuluka, osewera adzasandutsa nyumba kukhala fakitale ya zipewa, ndipo zonse ndanenazi zidzafa. Mphaka wothamangitsa mpira wa wulu yekha ndiye musamuiwale.

Poti mwati muli nokha pantchitoyi, musayambe ndi zonse. Pangani sikafu imodzi yotalika m'magawo asanu ooneka, cholakwika chimodzi chosankha kumasula kapena kusiya, ndi munthu mmodzi womulukira. Apatseni anzanu awiri kapena atatu ayese, inu mungokhala pambali n'kuona ngati pa bowo paja aima n'kuyamba kuganiza.