Lipoti la CT lisakuphetseni mantha opaleshoni ya m'mphuno isanachitike

Mayi wina wandilembera kuti amuna awo akudikira opaleshoni ya m'mphuno, ndipo pa lipoti la CT (makina ojambula mkati mwa thupi) palembedwa concha bullosa, Haller cell ndi Keros 3. Akufunsa ngati onsewa ndi matenda ena owonjezera.

Mayi, kalata yanu yandikhudza chifukwa pepala lotereli ndinaligwirapo. Mphuno yanga inkatsekeka chaka ndi chaka, makamaka fumbi la mu Okutobala likayamba, mutu nkumawawa pachipumi mpaka m'masaya. Atandijambula, dokotala woyamba anangoyang'ana pa kompyuta nkunena kuti khoma la pakati pa mphuno ndi lopindika, tichite opaleshoni. Sanandifunse ngakhale kuti vutoli limabwera liti. Wachiwiri ndiye anakhala nane pansi, nandionetsa kuti concha bullosa ndi mpweya chabe umene uli m'kafupa ka mkati mwa mphuno, ndipo anthu ambirimbiri ali nawo osadwala konse. Anandilembera mankhwala opopera m'mphuno ndi madzi amchere otsukira. Mpeni sunandikhudze mpaka lero.

Ndinene mosapsatira: kupatsa wodwala lipoti lodzaza mawu achilatini osamufotokozera ndi nkhanza. Munthu amakafika kunyumba, amafufuza pa Google usiku wonse, achibale pa gulu la WhatsApp ayamba kale kusonkha ndalama zopitira ku India. Ndiponso sindikhulupirira dokotala amene amachiza chithunzi m'malo mochiza munthu. Mphuno sizifanana, monga nkhope sizifanana.

Komabe chithunzicho n'chofunika kwambiri kwa wochita opaleshoni. Njira yolowetsa kakamera m'mphuno, imene madokotala Messerklinger ndi Stammberger anaikonza ku Graz m'dziko la Austria, imadutsa malo opanikizika zedi. Pakati pa timapanga ta m'mphuno ndi diso pali fupa lopyapyala kwambiri, pamwamba pake pali ubongo. Onodi cell, imene simunaitchule, ndi kaphanga ka mpweya m'fupa; imakhala kumbuyo pafupi ndi mtsempha wa diso, ndipo dokotala akapanda kuizindikira munthu akhoza kuchita khungu.

Nanga Keros 3?

Muyeso umenewu unachokera kwa katswiri wina wotchedwa Keros mu 1962. Umayeza kuya kwa kadzenje ka padenga la mphuno, pamene pamadutsa mitsempha yonunkhizira. Mtundu woyamba ndi mamilimita 1 mpaka 3, wachiwiri 4 mpaka 7, wachitatu 8 mpaka 16. Kakazama chonchi, fupa la m'mbali mwake limakhala lalitali ndi losachedwa kusweka, ndipo likabooka madzi a muubongo amatha kudontha m'mphuno. Bambo anabadwa choncho, si matenda. Ndi chenjezo kwa dokotala kuti pamenepo adekhe. Haller cell ndi kaphanga ka mpweya m'fupa; ili pansi pa diso, ndipo imavuta pokhapokha ngati ikupanikiza njira yotulukira mamina.

Tsiku lokaonana ndi dokotala, mupite nawo. Mumufunse ngati mankhwala opopera anayesedwa mokwanira, chimene akufuna kukonza kwenikweni n'chiyani, komanso ngati waona yekha zithunzizo kapena wangowerenga lipoti.